Za Kusunga Mtengo wa Masamba a Mawanga m'Nyumba ku Chiromo

Anthu ambiri a kuno ku Chiromo, akapita ku Thyolo kapena ku Blantyre, amaona pa makonde a nyumba timitengo ta masamba ofiira, achikasu ndi obiriwira pamodzi, monga nsaru ya mawanga. Pobwera apempha kanthambi, kapena agula kamtengo kamodzi ka m'chitini, nakaika m'nyumba pa gome. Atapita masabata awiri masamba ayamba kuyoyoka, ndipo pakutha mwezi yatsala ndodo yokha. Pamenepo mwini wache anena kuti, Mtengo uwu ngwa kumapiri, sulola dziko lathu lotentha.

Mau amenewa sali oona. Mtengowu ogulitsa maluwa amaucha croton, ndipo akuru ophunzira za zomera amaulemba Codiaeum variegatum. Kwao nkutali, ku zisumbu za Indonesia, ku Malaysia, kumpoto kwa Australia ndi ku zisumbu zina za m'nyanja ya Pacific, maiko a thukuta monga lathu lino. M'chaka cha 1753 Linnaeus, mkuru wa ku Sweden amene analongosola maina a zomera, anaulemba m'buku lache, ndipo anthu aunyamula kunka nao ku maiko ambiri. A ku Ulaya avutika nao chifukwa cha chisanu, pakuti kukazizira kufikira madigiri 10 masamba ache agwa. Koma ife chisanu chotere sitichiona kawirikawiri. Zimene ziupha kuno ndizo mdima wa m'nyumba zathu, mpweya wouma wa chirimwe, ndi madzi a mchere.

Wina adzafunsa kuti, Kodi tipindulanji ndi mtengo wosabala chakudya? Inde, nsima siituruka m'menemo, ndipo munthu asaleke munda wa mapira, kapena wa thonje, kapena chimanga cha kudimba, chifukwa cha maluwa. Koma nyumba yosesedwa bwino, yokhala ndi kamtengo kokongola pa zenera, ikondweretsa eni ache ndi alendo omwe. Ndiponso iye amene aphunzira kumeretsa mizu pa kanthambi ka croton waphunzira nchito imene idzamthandiza pa mitengo ya zipatso, ndipo timitengo totsala angathe kukagulitsa ku msika wa Bangula kapena wa Nchalo.

CHENJEZO LOYAMBA

Musanaugwire, dziwani abale ache. Mtengowu ngwa fuko limodzi ndi chinangwa, nsatsi ndi nkhadze. Nonse mudziwa chimene utomoni wa nkhadze uchita ukalowa m'diso. Utomoni wa croton sufika pa ukali umenewo, koma uyabwitsa khungu, uwawitsa maso, ndipo ukadontha pa chobvala usiya banga losachoka ndi sopo. Mwana akatafuna tsamba kapena njere zache, m'kamwa muyaka, ndipo angathe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Chifukwa chache m'nyumba m'mene muli mwana wokwawa musauike pansi. Uikeni pamwamba, posafika dzanja lache. Mukatha kudula nthambi sambani m'manja ndi sopo musanagwire nkhope kapena chakudya. Utomoni ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri, nthawi yaitali ndithu, ndipo diso likakhalabe lofiira pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Mbuzi nazonso muziingitse.

ZA KUWALA

Mawanga a masamba awa adza ndi kuwala, ndipo achoka ndi mdima. M'tsamba liri lonse muli kanthu kobiriwira kamene kapanga chakudya cha mtengo ndi kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Pamene tsamba liri lachikasu kanthu kameneka nkochepa. Pamene liri lofiira kabisika pansi pa kufiirako. Tsono mtengo ukakhala mu mdima umva njala, ndipo uchulukitsa kobiriwirako kuti ugwire kuwala kwa pang'ono kumene kulipo. Masamba atsopano aturuka obiriwira okha okha, ang'ono, otalikirana pa tsinde, akale agwa. Ndowe kapena feteleza sizingabweze mawanga amene mdima wachotsa.

Nyumba zathu zambiri ziri ndi mazenera ang'ono, ndipo usana tiwatseka popita kumunda. Maso a munthu azolowera msanga, nayesa kuti m'nyumba mukuwala. Mtengo sunyengeka chotero. Yesani motere: dzuwa litakwera pang'ono, tambasulani dzanja pamwamba pa masamba. Mukaona chithunzi cha zala zanu pa tsamba, malowo ngabwino. Chithunzi chikapanda kuoneka, pamenepo mtengo udzafa pang'ono pang'ono, ngakhale muuthirire bwanji.

Malo oposa onse ndiwo pa zenera la kum'mawa, osapitirira phazi limodzi kapena awiri kuchokera pa zenerapo, kuti ulandire dzuwa la m'mawa maora awiri kapena atatu. Zenera la kumpoto nalonso nlabwino m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, pamene dzuwa lipendekera mbali imeneyo ndipo siliri laukali. Koma zenera la kumadzulo liopeni kuyambira Seputembala kufikira mvula itagwa. Masiku amenewo kutentha kwa m'chigwa chino kupitirira madigiri 40, ndipo dzuwa la masana liwaula masamba, nasuluka monga chitenje chokhalitsa pa chingwe. Ngati mulibe zenera lina, pachikani nsaru yopyapyala yoyera pakati pa mtengo ndi dzuwa. M'nyumba ya malata musauike pamwamba pa kabati pafupi ndi denga, pakuti pamenepo ndi pa ng'anjo. Ndipo ngati nyumba yanu iri ya mdima konse konse, musaukakamize. Khonde la kum'mawa liri bwino koposa chipinda.

Mtengowu ukana kusamuka. Ukachoka ku Thyolo kozizira nudza kuno, kapena ukachoka pabwalo nulowa m'nyumba, utaya masamba ena, ndipo apa ndi pamene ambiri alakwa: aona masamba akugwa, nauchotsa kunka nao pena, mawa penanso, nathira madzi ochuruka. Lekani. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Mukaona kuti m'kati muli mobiriwira, mtengo uli moyo, ndipo udzaphukanso. Wobwera nao kuchokera kumapiri ayambe wauika pa mthunzi wa khonde masabata awiri, ndipo pambuyo pache ausendeze pa malo ache okhazikika. Pamenepo muzingotembenuza mphika pang'ono kamodzi pa sabata, kuti mbali zonse zione kuwala ndipo mtengo usapendeke. Masamba ang'ono a pansonga musawaweruze msanga: aturuka obiriwira kapena achikasu, nafiira atakhwima.

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chidza kuchokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, usiku uzizira. Tsekani zenera la pa mtengo dzuwa likalowa, ndipo mwatha.

MPHIKA NDI DOTHI

Mphika wa dothi uposa chitini. Chitini chikaombedwa ndi dzuwa chitentha monga chiwaya, ndipo mizu ipsya m'kati. Mphika wa dothi uchita thukuta nuziziritsa mizu, monga mtsuko uchitira madzi akumwa. Mphika wakale wong'aluka pang'ono, umene amai aleka kuphikira, ukwanira. Boolani pansi pache. Ngati ndi chitini kapena ndowa yakale, boolani mabowo anai kapena asanu ndi msomali waukuru. Pa bowo bvundikirani phale kuti dothi lisaturuke. Chigubu kapena chitini chimene munali mankhwala a thonje musachigwiritse nchito imeneyi, kapena nchito ina iri yonse ya pakhomo.

Dothi la makande palokha siliyenera. Mudziwa makhalidwe ache: likanyowa limata ngati phala, likauma ling'ambika, ndipo m'mphika mizu iyamba kumira, pambuyo pache nkuduka. Sanganizani chotere: miyeso iwiri ya dothi lakuda la pansi pa mtengo, pamene masamba aolera zaka zambiri, muyeso umodzi wa mchenga wa kumtsinje, wa maso akuru, ndi muyeso umodzi wa ndowe ya ng'ombe yoolerana, youma, yosanunkha. Makala oswa ang'ono ang'ono, odzaza dzanja limodzi, athandiza kuti madzi apite bwino. Ndowe yaiwisi itentha mizu niitana ntchentche m'nyumba.

Mphika usakule koposa. Dothi lambiri lopanda mizu lisunga madzi nthawi yaitali, ndipo mizu iola. Mtengo wofika m'bondo ukwana mu mphika wophikira ndiwo za banja. Mizu ikayamba kuturukira pa bowo, ndiyo nthawi ya kuusamutsira mu mphika wokulirapo pang'ono, ndipo chitani ichi mvula itayamba. Ukhazikeni mphikawo pa miyala itatu monga pa mafuwa, kuti madzi aturuke momasuka, ndi kuti muone msanga chiswe chikayamba kumanga njira yache kunka ku bowo.

ZA MADZI, NDI ZA MCHERE

Musathirire powerenga masiku, koma pofunsa dothi. Pisani chala kufikira pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, lekani. Mukamva kuuma, thirani kufikira madzi aturuke pansi. M'mwezi wa Okutobala mudzapeza kuti ufuna madzi tsiku ndi tsiku. M'Juni kapena atha masiku atatu kapena anai. Kuwaza timadzi pamwamba pokha kunyenga mwini, pakuti mizu ya pansi ikhalabe youma. Dothi likauma gwa kamodzi kokha, masamba a m'munsi agwa, ndipo pamene agwa sipameranso ena msanga. Likakhala matope masiku onse, masamba afota ngati a ludzu, chifukwa mizu yaola ndipo siithanso kumwa. Munthu wosadziwa aonjeza madzi, namaliza kuupha.

Tsono pali bvuto lina limene ife tiri nalo. Mijigo ndi zitsime zambiri za m'Chikwawa ndi Nsanje zituruka madzi a mchere. Makolo a Amang'anja anadziwa kuti dothi la m'chigwa chino liri ndi mchere: analikumba, nalichezera ndi madzi, naphika madziwo kufikira ataphwa, ndipo mchere unatsala pansi pa mphika. Mphika wa maluwa uchita nchito yomweyo mwini wache osadziwa. Tsiku liri lonse muthira madzi, dzuwa ndi masamba ziwachotsa, koma mchere suchoka. Uunjikana mwezi ndi mwezi. Pamenepo mizu ilephera kukoka madzi, ngakhale dothi liri lonyowa. Zizindikiro zache nzosabisika: pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa mphika payera ngati ufa, nsonga za masamba ndi m'mbali mwache ziuma nizikhala zofiirira, ndipo mtengo uleka kukula.

Lawani madzi a pa mjigo wanu. Ngati lirime limva mchere, mtengo udzaumva koposa. Madzi a mvula ndiwo abwino oposa onse, ndipo amene ali ndi denga la malata angathe kuchinga ambiri, nawasunga m'chigubu chotseka bwino. Madzi otsukira mpunga kapena masamba a ndiwo, opanda mchere ndi sopo, musawataye, apatseni mtengo. Madzi a m'Shire ndi m'Ruo ngabwinonso, koma mwana asatumidwe ku dooko chifukwa cha maluwa. Ng'ona siisiyanitsa wotunga madzi akumwa ndi wotunga a maluwa, ndipo m'madzi oima a m'mbali muli likodzo. Ngati mulibe ena koma a mjigo okha, chitani ichi kamodzi pa mwezi: palani dothi loyera la pamwamba ndi kulitaya, turutsani mphika pabwalo pa mthunzi, nimuthire madzi abwino amene mungapeze, okwana kudzaza mphikawo katatu, pang'ono pang'ono, kuti atsuke mchere naturuke nao pansi. Pamalo pa dothi lotayidwa ikani latsopano.

Madzi a m'chigubu chokhala padzuwa atentha mizu. Aikeni pa mthunzi azizire. Ndipo chaka cha chilala, pamene amai alawirira usiku ku mjigo, madzi akumwa ndi ophikira ayambe ndiwo. Dulani nthambi za mtengo pakati kuti umwe pang'ono, phimbani dothi ndi udzu wouma, nimuupatse otsala a m'khichini okha. Udzaoneka woipa, koma ambiri apirira kufikira mvula.

Kwao kwa mtengowu mpweya uli wa chinyezi chaka chonse; kwathu kuno m'chirimwe uuma, ndipo pfumbi likhala pa masamba. Kamodzi pa sabata pukutani masamba ndi kansaru konyowa, pamwamba ndi pansi pomwe. Ena apaka mafuta ophikira kuti masamba anyezimire. Musatero, pakuti mafuta agwira pfumbi natseka timabowo timene tsamba lipumira. Miphika iwiri kapena itatu yoyandikana isungirana chinyezi koposa umodzi wokhala wokha.

MUSAWETE UDZUDZU

Ambiri aika mbale pansi pa mphika kuti madzi asaononge pansi. Taonani, madzi okhala m'mbalemo ndiwo chisa cha udzudzu, ndipo m'nyengo yotentha dzira lisanduka udzudzu wouluka pa sabata limodzi kapena masiku khumi. Udzudzu umene ukonda madzi a m'zitini ndi m'mbale ndiwo uja wakuda wa mizere yoyera, woluma usana, umene m'maiko ambiri ufalitsa nthenda za dengue ndi chikungunya. Wa malungo ukonda zithaphwi za pabwalo, monga zimene zichitika pamene munthu athirira mosasamala tsiku ndi tsiku pa malo amodzi. M'dziko la madambo monga lino, pakati pa Elephant Marsh ndi Ndindi, udzudzu tiri nao wokwanira. Tayani madzi a m'mbale mutangotha kuthirira, ndipo kamodzi pa sabata muikweche, pakuti mazira amamatira m'mbali mwache napirira kuuma. Njira yoposa ndiyo kudzaza mbaleyo ndi mchenga: mchenga umwa madzi, upatsa masamba chinyezi, ndipo udzudzu usowa poikira.

Alipo amene aopa kugona m'chipinda m'mene muli chomera, nati chitha mpweya usiku. Mpweya umene kamtengo kamodzi katenga ngwochepa ndithu, wosafika pa wa mphaka wogona pa mphasa. Choopsya m'chipinda chotseka ndicho mbaula ya makala, imene ipha anthu ali m'tulo; ndipo palibe chomera chingathe kuyeretsa mpweya woipa umenewo.

TIZIROMBO

Adani ache muwadziwa kale ku dimba. Woyamba ndiye kangaude wofiira, uja aononga tomato m'chirimwe. Ngwamng'ono ngati pfumbi, akhala kunsi kwa tsamba, ndipo mudzamzindikira ndi timadontho totuwa pa masamba ndi ulusi wopyapyala pakati pa tsamba ndi tsinde. Akonda malo ouma ndi otentha, nchifukwa chache kupukuta masamba kuja kumchepetsa. Wachiwiri afanana ndi kodikodi wa pa chinangwa: toyera ngati thonje tobisala m'mphanda za nthambi. Palinso tina tokhala ngati nkhanambo zofiirira tomamatira pa tsinde. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, funani bwino, pakuti zitsata madzi otsekemera amene tizirombo timeneti titurutsa.

Turutsani mtengo pabwalo madzulo. Sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira, konga nsonga ya chala, m'madzi a lita imodzi, nimutsuke masamba onse ndi kansaru, makamaka kunsi kwache. Phimbani dothi kuti sopo asalowemo, ndipo m'mawa mutsukuluze ndi madzi oyera. Bwerezani patapita masiku asanu, kawiri kapena katatu, chifukwa mazira satha ulendo umodzi. Masamba a nimu, amene ali ponse ponse m'midzi yathu, osinja ndi kubviika usiku wonse, nawonso athandiza. Mankhwala a thonje asalowe m'nyumba m'mene mugona ndi kudya.

KUCHULUKITSA

Njere za croton sizibala mwana wofanana ndi mache, chotero tiuchulukitsa ndi nthambi, monga tichita ndi chinangwa. Nthawi yache ndi Disembala ndi Januwale, pamene kuli chinyezi. Sankhani nsonga ya nthambi yokhwima pang'ono, ya mawanga okoma, nimuidule ndi mpeni wakuthwa kunsi kwa mfundo, kutalika kwache masentimita 15, ndiko ngati chikhato cha munthu wamkuru. Thotholani masamba a m'munsi, siyani atatu pamwamba, ndipo akakhala akuru muwadule pakati kuti asataye madzi. Podulapo pakani makala osinja, nimubzale m'chitini cha mchenga wonyowa. Bvundikirani ndi pepala la pulasitiki loonekera m'kati, kapena botolo lodula pansi, nimuike pa mthunzi wowala. Pakati pa masabata anai ndi asanu ndi limodzi mizu idzamera. Musamazula kuti muone. Tsamba latsopano likaoneka, ndicho chizindikiro. Bzalani zisanu, popeza zina zidzafa. Amene afuna kumeretsa m'botolo la madzi angathe, koma asinthe madziwo masiku awiri ali onse chifukwa cha udzudzu uja.

Mtengo wakale umene wataya masamba a m'munsi, nutsala ndi chisoti pamwamba ngati mgwalangwa, uduleni pa msinkhu wa chikhato chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa dothi, mvula itayamba. Chitsa chidzaphuka nthambi ziwiri kapena zitatu, ndipo nsonga mwadulayo ikhala mbeu. Nthambi imene yabwerera kukhala yobiriwira yokha yokha, ngakhale pali kuwala, muichotse, chifukwa ikula msanga niiphimba zinzache.

MADZI AKASEFUKIRA

Ife okhala pamene Ruo athira m'Shire tidziwa kuti mtsinje ulowa m'nyumba. Unatero mu Januwale 2015, mu Marichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu Marichi 2023 ndi namondwe Freddy, ndipo mabanja ambiri a ku Chiromo ndi Makhanga anataya nyumba ndi katundu. Dzinja likafika ikani mphika pa thandala kapena pa gome lalitali. Koma chenjezo la kusefukira likamveka, mphika usiyeni pomwepo. Nyamulani ana, okalamba ndi mbeu za kumunda, nimupite kumtunda. Wanzeru apatsiratu kanthambi kwa mbale wache wokhala kumtunda nthawi idakali yabwino, kuti akadzamanganso nyumba akatenge mbeu kumeneko.

Mukabwerera nimupeza mtengo uli m'matope, uzuleni mu mphika, tsukani mizu ndi madzi oyera, nimudule yonse yakuda ndi yofewa, kusiya yoyera yolimba. Dulaninso nthambi pakati, popeza mizu yochepa siingathe kudyetsa masamba ambiri. Ubzaleni m'dothi latsopano lokhala ndi mchenga wambiri, uikeni pa mthunzi, ndipo musathire ndowe kufikira mutaona mphukira zatsopano.